Mluzu wa pa mlatho wa Kwai

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa awerengi athu. Akuti anaonera filimu yakale ija ya The Bridge on the River Kwai limodzi ndi bambo awo, ndipo inawakomera moti m'mawa mwake ankaimba mluzu wa asilikali aja uku akusamba. Kenako anawerenga za anthu amene anafa pomanga njanji imene filimuyi imakamba, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mtima n'kuyamba kuwawawa. Akufunsa ngati n'kulakwa kusangalala ndi filimu ya nkhondo.

Achimwene, ine sindikuonapo tchimo. Mluzu uja ndi nyimbo ya perete ya asilikali a ku Britain ya mu 1914, ndipo inkagwira anthu mtima kalekale filimuyi isanajambulidwe. David Lean, amene anatsogolera ntchito yoijambula mu 1957, ankaidziwa ntchito yake, n'chifukwa chake filimuyi inapata mphoto 7 za Oscar. Taganizani za pamene akaidi a nkhondo a ku Britain akulowa mumsasa wa asilikali a Japan: zovala zili sanza, nsapato zili pakamwa yasa, ena mapazi ali pansi, koma akuguba mogwirizana mitu ili m'mwamba. Aliyense amene anaponderezedwapo ndi wamphamvu, pamenepo tsitsi limamunyenyera. Chimene chinakukomerani si imfa ayi, koma anthu okana kusanduka zinyama.

Komabe kuwawa mtima kwanuko musakuthamangitse, chifukwa kukukuuzani zoona. Njanji imene asilikali a Japan anamangitsa kuchokera ku Thailand kukafika ku Thanbyuzayat m'dziko la Burma inali ya makilomita 415, ndipo inatha mu Okutobala 1943, patangopita chaka chimodzi ndi miyezi yochepa. Akaidi a nkhondo pafupifupi 60,000, makamaka a ku Britain, Australia ndi Netherlands, anagwira ntchitoyo, ndipo oposa 12,000 anasiya mafupa awo komweko. Chinawatha ndi njala, kolera, kamwazi, malungo, zilonda zodya mnofu mpaka fupa kuonekera, ndiponso zibonga za alonda. Pamalo ena otchedwa Hellfire Pass ankaswa thanthwe ndi nyundo usiku wonse, akuwalitsa ndi miyuni. Tsono yang'anani matupi a anthu a mufilimu ija. Ndi anthu odya n'kukhuta. Ngakhale nkhalango imene mukuionayo si ya ku Thailand, anakajambulira ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka.

Ambiri mwa amene anapulumuka ku njanjiko filimuyi inawapsetsa mtima, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Nicholson, msilikali wamkulu amene Alec Guinness anasewera, amanyadira kumangira adani mlatho wolimba. Koma amene ankayang'aniradi akaidi pamsasa wa Tamarkan ku Thailand, pomwe panamangidwa mlatho weniweniwo, anali Philip Toosey, munthu amene ankamenyedwa poteteza anyamata ake, ankalimbikira zaukhondo kuti matenda asawasese, ndipo sankakondwera n'komwe kuthandiza mdani. Milatho inalinso iwiri, osati umodzi ngati mufilimu, wamatabwa ndi wachitsulo, ndipo inagwira ntchito mpaka ndege zinaiphulitsa mu 1945. Munthu amene anaika anzake m'manda ndi manja ake, n'kudzaona dziko lonse likuombera m'manja nkhani yopotoka chonchi, sangamve ngati mmene ife timamvera.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi china. Anthu ochuluka kwambiri pa njanji ija sanali azungu. Anali anthu wamba a ku Asia, Atamil a m'minda ya rabara ku Malaya, anthu a ku Burma ndi a ku Java, ena onyengedwa ndi malonjezo a malipiro, ena ongogwidwa. Analipo pafupifupi 200,000, ndipo owerengera ambiri amati amene anafa ndi pafupifupi 90,000. Ku Kanchanaburi ku Thailand kuli manda osamalidwa bwino a akaidi pafupifupi 7,000, ambiri ali ndi mwala wolembedwa dzina. Anthu wamba aja ambiri anakwiriridwa m'maenje opanda chizindikiro chilichonse, ndipo filimuyi sinawapatse malo oti tiwalire.

Zimenezi zimandikhudza chifukwa nafenso tili ndi athu amene kamera inawalambalala. Mu 1944 asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Burma komweko, m'matope a chigwa cha Kabaw nthawi ya dzinja, kulimbana ndi gulu lomwelo la nkhondo limene njanji ija inkalitumizira katundu. Ndili mwana tinkadzazana m'kanyumba ka vidiyo, mpando uli thabwa, ndipo bomba likaphulika tonse tinkakuwa ndi chimwemwe. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankadziwa kuti agogo ena odutsa panja ndi ndodo yawo nkhondo ya mtundu umenewo anaiona ndi maso.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene. Ioneninso filimuyi limodzi ndi bambo, ndipo mluzu uja ukabwera musaubweze. Ikatha musafulumire kudzuka. Afunseni bambo ngati kumudzi kwanu kunali munthu amene anapita ku Burma, dzina lake anali ndani, ndipo atabwerako ankanena zotani. Akakuuzani, mundilembere.