Mwana wa zaka 9 wakonda ukalipentala: zida ziti, matabwa ati?

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wa zaka 9 sachoka pa shedi ya kalipentala wa pamsika, ndipo tsopano wayamba kukhoma misomali pa mipando ya m'nyumba. Akufunsa zida zoyamba kumugulira, komanso ngati mapaleti (matabwa okhomedwa pamodzi osanjikapo katundu) otayidwa kuseri kwa sitolo angagwire ntchito.

Mayi, sowo idikire kaye. Choyamba kugula ndi chopanira thabwa: makalampu awiri a G, kapena vayisi yaing'ono yomangirira pa tebulo lolimba lofika m'chiuno mwa mwanayo. Kawirikawiri mwana amadzicheka chifukwa thabwa likugwedera, ndiye dzanja linalo limathamangira kukaligwira pafupi ndi mano a sowo. Thabwa likapanidwa bwino, manja onse awiri amakhala pa chigwiriro.

Hamala ikhale ya magalamu pafupifupi 225. Ya akuluakulu, ya magalamu 450, imamulemera, amaigwirira pakhosi n'kumaphonya msomali. Onetsetsani kuti mutu wake sukugwedera pa mpini. Misomali yabwino ndi ya mamilimita 40 ya mutu waukulu. Asaigwire ndi zala: aipane ndi pegi ya zovala, akhome pang'onopang'ono mpaka msomali uime wokha, kenako achotse pegiyo. Thabwa likamang'ambika kumapeto, agogode kaye nsonga ya msomali kuti ibunthe pang'ono, chifukwa nsonga yakuthwa imalowa pakati pa mitsempha ya mtengo n'kuilekanitsa.

Sowo ikafika nthawi yake, sankhani yaifupi ya mano ang'onoang'ono yokhala ndi chitsulo cholimbitsa kumsana, kuti isapindike. Ayambe poikokera kwa iye katatu kapena kanayi kuti pakhale kanjira, kenako azicheka osadinikiza. Ndipo ikhale yakuthwa! Makolo ena amapatsa mwana sowo yobuntha poganiza kuti akumuteteza, koma yobunthayo imafuna mphamvu zambiri, imakakamira, kenako n'kudumphira pa chala. Sompho, nkhwangwa, tchizulo ndi makina onse amagetsi si za msinkhu umenewu.

Pa matabwa, paini ndiye woyenera. Ndi wofewa, wopepuka, ndipo zidutswa zake mungapemphe kwa kalipentala yemweyo. Pewani zidutswa za mfundo zambiri, popeza msomali umapindikira pamenepo. Malainanso si ovuta. Bulugama wouma ndi wolimba kwambiri ndipo amang'ambika. Mlombwa ndi wokongola, koma fumbi lake limayabwitsa khungu ndi kubanikitsa anthu ena.

Za mapaleti zija, yang'anani chidindo cha m'mbali. Lolembedwa HT linangotenthedwa kuti tizilombo tife, ndiye lilibe vuto bola likhale laukhondo. Lolembedwa MB linafukizidwa ndi mankhwala a methyl bromide, lisiyeni. Lopanda chidindo, kapena la madontho a mafuta, simungadziwe chimene linanyamula. Misomali yake yakale muzule nokha musanamupatse. Asakhudzenso matabwa obiriwira pang'ono othiridwa mankhwala a chiswe, chifukwa ambiri amakhala ndi poizoni wa arsenic, ngakhalenso zidutswa za mapolo akuda onunkha phula. Izi musasonkhezerenso pamoto wophikira. Zitseko ndi mawindo akale a penti yosupuka nawonso ayi: penti yakale imatha kukhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa mwana akapuma fumbi lake.

Guluu akhale woyera wa matabwa uja wotsukika ndi madzi. Apake wochepa, apane kwa ola limodzi, asiye tsiku lathunthu kuti aume. Guluu wachikasu womatira nsapato ali ndi fungo loledzeretsa. Posalaza, ayambe ndi sandipepala ya nambala 80, amalize ndi 120, ataikulunga pa kathabwa, ndipo azichitira panja. Vanishi ndi thinala zikhale m'manja mwanu. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed, opaka pa matabwa, muziziyanika payokhapayokha, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha.

Magalasi oteteza maso ndi nsapato zotseka ndi zofunika nthawi zonse. Patapata saletsa msomali. Akabayidwa mozama, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ndi buku lake la katemera kuti akaone za kafumbata.

Ntchito yoyamba ikhale kabokosi ka mapensulo: timatabwa tisanu, misomali khumi ndi iwiri, inu muli pompo.