Achimwene, ana apite ku Cape Point basi

Achimwene mwaswera bwanji kumeneko, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ku ntchito ndiye ndati bola ndingojambula mawu kusiyana n'kutaipa. Mwafunsa kuti mukabwera kuno ku Cape Town mu December ana anuwo, wa zaka 16 ndi mng'ono wake wa 14 uja, angapirire kuyenda wapansi ku Cape Point kapena tingowatengera ku Waterfront akadye ayisikilimu. Ine ndikuti apite ku Cape Point, ndipo ayende ndi miyendo yawo, musawamvere chisoni ayi.

Ndikunena chonchi chifukwa ife tinapitako ndi anga awiriwa mwezi wathawu. M'galimoto mnyamata wangayu anangoti ndwii, maso pa foni, mahedifoni m'makutu, ukamufunsa kanthu akuyankha ndi mapewa. Tinanyamuka 7 koloko m'mawa ndipo apapa musazengereze, dzuwa likakwera pageti pamakhala mzere wa magalimoto ndi mabasi a alendo wotalika zedi. Kuchokera m'tauni ndi makilomita oposa 60, mudzera ku Muizenberg, Fish Hoek, Simon's Town, nyanja ili kumanzere kwanu kuyambira pa Muizenberg. Mutenge mapasipoti a nonse, chifukwa ife a mayiko a SADC timalipira motsikirako kusiyana ndi ochokera kutali, koma opanda pepala sakumverani. Komanso mwana akakwana zaka 12 amalipira ngati wamkulu, ndiye inu ndi alamu ndi anawo muwerengere akulu anayi.

Mukafika pali kasitima kokwera phiri amati Flying Dutchman, ana adzakakamira kameneko, akanizeni. Masitepe ake si oopsa, mphindi 20 mwafika pa lighthouse yakale, nsanja ya nyali younikira sitima za panyanja. Anaimanga 1859 koma anaiika pamwamba kwambiri moti nkhungu inkaiphimba, oyendetsa sitima osaona kuwala kwake, mpaka 1911 sitima ya Apwitikizi dzina lake Lusitania inagunda mwala n'kumira, ndiye anachita kumanga ina chakumunsi. Bambo ake atamufotokozera zimenezi mnyamata uja ndi pamene anavula mahedifoni, eeh, n'kuyamba kufunsa kuti mwalawo uli pati, anthu anapulumuka bwanji, mafunso osatha.

Koma chimene chinandikhudza ine ndi kanjira kochokera poimika magalimoto kupita ku Cape of Good Hope. Kamadutsa pamwamba pa phompho, pena matabwa pena miyala, nyanja ili pansi uko ikuwinduka thovu lokhalokha, mbira zili phee pamiyala kuothera dzuwa osakuopani n'komwe. Ndiye mphepo yake achimwene, mukukumbuka mwera wa ku Nkhotakota uja unkaletsa asodzi kulowa m'madzi? Uwu ndi mkulu wake. Itawomba mwamphamvu mtsikana wanga anandigwira dzanja, mwana woti papita zaka osandigwira dzanja pagulu, amati n'zachibwana. Ine ndinangokhala chete kuopa kuti ndikayankhula azindikira n'kundisiya, tinayenda choncho mpaka kukatsika. Kupita n'kubwera ndi ola limodzi ndi theka mukamayenda mosathamanga, ndipo sindinamve wina akudandaula za netiweki.

Chapakati pa njirayo muona masitepe a matabwa otsikira ku Dias Beach, mchenga wake woyera ngati ufa. Atsike akaponde, akajambule, koma chonde chonde asasambire, mafunde a pamenepo amakoka munthu ndipo madzi ake ndi ozizira ngati a mufiriji, si ku Salima kuno. Wamng'onoyo ndikumudziwa ndi madzi, mumuuziretu tisananyamuke. Kumapeto kwa njirayo, ku Cape of Good Hope, pali chikwangwani chimene aliyense amajambulitsapo, pamakhala kamzere, ndipo ana akakauza anzawo kuti afika kumapeto kwa Africa muwakonze, kumapeto kwenikweni ndi ku Cape Agulhas.

Za anyani ndiye mumve bwino. Si ngati a kumudzi othawa ukatola mwala, awa anazolowera anthu, amatsegula okha chitseko cha galimoto. Kamba yense akhale m'chikwama chotseka, zitseko zokhoma, ndipo kuwapatsa chakudya ndi mlandu, amalipiritsa. Tinaona mayi wina atalandidwa pepala la chipisi m'manja, anangotsala akunjenjemera.

Pobwerera tidzaima pa gombe la Boulders aone mapengwini, amalira ngati abulu, mudzaseka. Anayamba kukhala pamenepo 1982, poyamba anali ochepa chabe. Asawagwire, amaluma. Kenako Kalk Bay padoko paja, nsomba ndi chipisi, mudzalawe nsomba ya snoek koma minga yake ndi yambiri, ana adye mosamala. Anga anadya ngati sanaonepo chakudya, pobwerera onse tulo m'galimoto, nsapato zili mchenga wokhawokha.

Chimodzi chokha ndikukanizani, zoti tsiku lomwelo tikwerenso Table Mountain, ayi, limenelo tilipatse tsiku lakelake. Alamu muwauze alongedze majekete ngakhale kukhale kotentha, nsapato zotseka osati mapatapata, ndi botolo la madzi aliyense lake. Munditumizire deti imene mukufika kuti ndipemphe ofu msanga, December kuntchito kwathu amavuta kupereka.