Kwa mtsikana wongodzipereka pa wailesi: mungakhalitse bwanji pa ntchitoyi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Ali ndi satifiketi ya MSCE, watha zaka ziwiri akuthandiza pa wailesi ina yaing'ono popanda malipiro, amangolandira ya thiransipoti ikapezeka. Anthu amamuyamikira kuti ali ndi mawu abwino. Akufunsa kuti: "Ndichite chiyani kuti ntchitoyi ikhale yanga mpaka kalekale? Kapena ndingoisiya ndikayambe geni?"

Achemwali, pa za mawu abwinozo ndikukhumudwitsani pang'ono. Chaka chilichonse kumabwera achinyamata a mawu okoma kuposa anu, okonzeka kulankhula ulere. Amene amakhalitsa ndi uja amene bwana akamaganiza zochepetsa antchito amadzifunsa kuti, "Uyu akachoka, pulogalamu ya Lachitatu aikonza ndani?" Ndiye phunzirani kupanga pulogalamu yonse nokha, kuyambira kutola nkhani mpaka kuipereka yothaitha pa flash.

Foni muli nayoyo ikukwana poyambira. Musanayambe kujambula iikeni pa flight mode, chifukwa wina akakuimbirani kucheza kuli mkati zojambulazo zimaduka. Italikire pakamwa pa wolankhulayo masentimita 15 kapena 20, cham'mbali pang'ono, kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usamaphulike. Mukakhala mumsika waukulu kapena pa depoti, inuyo phokoso mulipatse msana kuti thupi lanu lilitchinge. Mukamaliza, jambulani phokoso la pamalopo lokha kwa masekondi 30. Lidzakuthandizani kubisa pomwe mwadula. Ndipo mvetserani zomwe mwajambula munthuyo asanachoke. Mayi wobwera ndi tomato kuchokera ku Ekwendeni simudzamupezanso mawa.

Podula mawu, pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Audacity ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa kompyuta yokalamba. Pa kachizindikiro koonetsa kukwera kwa mawu, mawuwo azifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Akagunda pofiira ndiye kuti asweka, ndipo mawu osweka alibe mankhwala, pomwe otsika mutha kuwakweza. Sungani failo ya mtundu wa WAV, yomwe sichepetsa ubwino wa mawu, ngati yanu yeniyeni, ya MP3, yomwe ndi yopepuka, ikhale yotumiza. Pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti ifike monga mwaikonzera. Muzisunga pafupipafupi, magetsi sapereka chenjezo.

Matenda aakulu a owerenga nkhani atsopano ali pa kulemba. Chikalata chimabwera m'Chingerezi, munthu n'kuchimasulira liwu ndi liwu, chiganizo chimodzi mizere inayi, mpweya n'kumuthera pakati. Werengani chikalatacho, chitembenuzeni chafufumimba, kenako lembani monga mungawafotokozere agogo anu. Chiganizo chizitha ndi mpweya umodzi. K4,873,200 muziti pafupifupi K5 miliyoni, pokhapokha ngati nambalayo ndiye nkhani yake. Yesani ndi wotchi mokweza mawu, chifukwa kuwerenga chamumtima kumanamiza. Pulogalamu ya mphindi 30 muziikonzera zolankhula za mphindi 24 kapena 25, zotsalazo ndi za jingle (kanyimbo kozindikiritsa pulogalamu) ndi otsatsa malonda.

Ubwino wokhala kuno kumpoto ndi zilankhulo. Chitumbuka chinachotsedwa pa MBC mu 1968 n'kubwereranso mu 1994, ndipo lero wailesi ngati Radio Tigabane, Voice of Livingstonia, Mzimba Community Radio ndi Tuntufye FM ku Karonga zimalankhula ndi anthu m'zilankhulo zawo. MBC nayo ili ndi situdiyo ya Kaning'ina mumzinda muno. Munthu wotha kulemba ndi kuwerenga nkhani m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, n'kumamvanso Chitonga kapena Chinkhonde, savuta kumupezera pomuika. Ndikunena kulemba, osati Chitumbuka chogulira masamba. Omvera a ku Rumphi amadziwa pa chiganizo choyamba kuti uyu akungoyerekeza, ndipo sachita manyazi kuimba foni n'kukukonzani.

Sankhaninso gawo limodzi loti muzilidziwa kuposa aliyense pa wailesipo: khofi wa ku Misuku ndi ku Phoka, usodzi wa ku Nkhata Bay, matabwa a ku Chikangawa, okushoni ya fodya, kapena makhoti. Gulani kope lachikuto cholimba muzilembamo manambala a alangizi, mafumu, amkomiti ndi alimi. Foni imabedwa, kope limakhala. Pakatha zaka zisanu, kope limenelo ndi lomwe wailesi ina idzakufunireni.

Sukulu musaizembe. Malo akatuluka pa wailesi zikuluzikulu kawirikawiri amafuna dipuloma kapena digiri, ndipo kalata yanu imaikidwa pambali asanamve n'komwe mawu anu. Sukulu ya utolankhani ya MIJ ili ndi nthambi ku Mzuzu, ndipo Mzuni ku Luwinga imaphunzitsa za communication. Lowaninso mabungwe a atolankhani a Nyika Media Club ndi MISA Malawi, chifukwa maphunziro aafupi ndi mwayi wa ntchito zimamvekera kumeneko.

Tsopano za ndalama, zomwe ndikuona kuti ndiye mtima wa kalata yanu. Wailesi zazing'ono zambiri zilibedi ndalama, si nkhanza chabe. Mu 2022 MACRA, bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu, inalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cholephera kulipira ndalama za chiphaso. Choncho wobweretsa ndalama amamvedwa msanga. Lembani tsamba limodzi lofotokoza pulogalamu yanu, nthawi yake, omwe amaimvera ndi mtengo wake, mupite nalo kwa ogulitsa zipangizo zaulimi, ma SACCO ndi mabungwe omwe si aboma. Koma musanaponde kunja, gawo lanu pa ndalamazo lilembedwe ndi kusainidwa. Zapakamwa zimaiwalika tsiku lomwe cheke chafika. Mukadzalembedwa ntchito funsani kontirakiti ndi penshoni: lamulo limati bwana aziika 10 peresenti, inu 5 peresenti.

Chimene chagwetsa ambiri aluso ndi chipondamthengo, ndalama za m'envelopu zomwe mtolankhani amalandira kwa eni nkhani. Munthu wanjala n'kovuta kumuuza kuti akane envelopu, ndikudziwa. Koma wandale akakupatsani kawiri, kachitatu amakuimbirani kuti nkhani ija musaiulutse, ndipo mumzinda waung'ono ngati uno anthu amadziwa kuti uje ndi wa uje. Chipani chake chikagwa, nanunso mwagwa. Kukhala MC pa ukwati palibe vuto, koma pa msonkhano wa chipani ayi.

Pa pulogalamu yoimbira foni chala chisachoke pa fader, kabatani kokwezera ndi kutsitsira mawu. Woimba akayamba kutchula munthu dzina kuti ndi wakuba kapena mfiti, mutsitseni pompo, munene kuti wailesi ilibe umboni wa zimenezo. Woimbayo amadula foni n'kukagona, mlandu woipitsa mbiri umatsala ndi inu ndi wailesi.

Pakhosi pamafunanso chisamaliro, makamaka m'kuzizira kwa June ndi July kuno. Imwani madzi ofunda musanalowe, mahedifoni musamakweze kwambiri, ndipo mawu akasasa kupitirira masabata awiri pitani kuchipatala.

Geni yambani ngati ikuthandizeni sopo, siiletsana ndi wailesi. Koma kungodzipereka kukhale ndi malire. Dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi, muwauze abwana mwaulemu kuti mukufuna mgwirizano wolemba, ndipo m'miyezi imeneyo konzani demo, chitsanzo chojambula cha luso lanu chofunsira ntchito, ya mphindi zitatu: mphindi imodzi ya nkhani m'zilankhulo ziwiri, imodzi yocheza ndi munthu kunja kwa situdiyo, masekondi 30 a malonda omwe mwalemba nokha, otsalawo mukutsegula pulogalamu. Chabwino kwambiri chikhale koyambirira, chifukwa mkulu wa mapulogalamu samvera mpaka kumapeto. Pa dzina la failoyo lembani dzina lanu ndi nambala ya foni.