Munaseka, ndipo simunalakwe

Mayi, pepani kwambiri. Mwafunsa ngati munalakwa kuseka dzulo, patangotha miyezi iwiri mwana wanu atamwalira ndi khansa. Ayi, simunalakwe ngakhale pang'ono.

Wanga anatisiya ali ndi zaka 6, matenda a impso. Tsiku lina ndikulongedza zovala zake, ndinapeza kapepala m'thumba la kabudula. Anajambula dokotala wake, makutu aakulu ngati a njovu, jakisoni wamtali kuposa mwini wake. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenako ndinalira kabudulayo ali m'manja.

Chisoni chimatero, chimaleka pang'ono n'kubweranso. Koma mukaona kuti mukusowa tulo kapena simukudya kwa milungu ingapo, chonde kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi.

Kapepala kaja ndinakamata pakhoma kuchipinda kwanga.