Uthenga ukamatayika pakati pa zigawo za pulogalamu

Funso: Zikomo akonzi. Ndikupanga pulogalamu ya pa browser ya sitolo ina kuno ku Mbare. Wogula akaika katundu m'dengu, chigawo chowerengetsa ndalama nthawi zina chimangokhala chete, popanda ndi error yomwe. Uthenga pakati pa zigawo ndimatumiza ndi CustomEvent, njira ya JavaScript yotumizira uthenga wa dzina lodzipangira. Vuto lili pati?
Wowerenga wa ku Mbare, Harare

Yankho: Kawirikawiri vuto ndi dzina. Mukatumiza "cartUpdated" pomwe womvera (function yolandira uthenga) akudikira "cartUpdate", browser sidandaula, chifukwa kwa iyo dzina lililonse n'lovomerezeka. Onaninso bubbles, yomwe imalola uthenga kukwera m'zigawo za tsamba: mukapanda kuiika pa true, uthenga wochokera pa batani sufika ku window, pamwamba pa tsamba lonse. China, mu TypeScript (JavaScript yotchula mitundu ya deta), detail, kutanthauza zimene uthenga wanyamula, imakhala ya mtundu wa any, wolandira chilichonse, mukaisiya, choncho mtengo ukabwera ngati mawu umangodutsa, ndipo "5" + 2 amatuluka "52".

Lembani interface (mndandanda wa mitundu) imodzi yotchula dzina la uthenga uliwonse ndi zimene umanyamula, monga id ya string (mawu) ndi mtengo wa number. Kenako pangani ma function awiri, yotumiza ndi yomvera, olandira mayina ochokera ku keyof ya interfaceyo basi, kutanthauza mayina olembedwa mmenemo. Zigawo zonse zizidutsira pamenepo, osaitana pazokha dispatchEvent, function ya browser yotumizira uthenga. Mukaphonya chilembo, compiler, yosandutsa TypeScript kukhala JavaScript, ikana nthawi yomweyo.

Koma mitunduyi imafufutika code ikasanduka JavaScript, ndipo apa ambiri amagwa. Uthenga wochokera ku tab ina pa BroadcastChannel, kapena ku iframe (tsamba la mkati mwa tsamba lina) pa postMessage, muziuyeza nokha ukafika, ndipo pa postMessage muzionanso event.origin, yosonyeza kumene wachokera. Musatumizemo function, mudzalandira error yotchedwa DataCloneError.

Chigawo chikachotsedwa, chotsaninso womvera wake ndi removeEventListener, apo ayi chikabwereranso katundu mmodzi adzawerengetsedwa kawiri.