Nyenje za zaka 17 za ku America: zimatuluka kuti, ndipo liti?

Mayi wina amene wangosamukira ku Baltimore, mzinda wa ku Maryland m'dziko la America, wanditumizira imelo. Akuti anzake a kuntchito amamusimbira za nyenje zotuluka m'nthaka kamodzi pa zaka 17, ndiye akufunsa: "Kodi ine ndidzaziona chaka chiti? Zimatuluka dziko lonse nthawi imodzi?"

Mayi, ku Baltimore komweko mudikira mpaka 2038. Gulu la kumeneko, lotchedwa Brood X, linatuluka mu 2021 ku Maryland, Washington DC, Pennsylvania, Ohio ndi Indiana. Ana ake pano ali pansi, akuyamwa madzi a m'mizu ya mitengo.

Koma musataye mtima, chifukwa sizituluka dziko lonse pamodzi. Nyenjezi, za mtundu wa Magicicada, zimapezeka kum'mawa ndi pakati pa dziko la United States basi, ndipo zili m'magulu 15. Magulu 12 amakhala pansi zaka 17, atatu zaka 13, ndipo a zaka 13 ambiri ali chakum'mwera. Gulu lililonse lili ndi dera lake ndi chaka chake. Mu 2027 Brood XXII idzatuluka ku Louisiana ndi Mississippi, mu 2029 Brood I ku Virginia ndi West Virginia. Ine ndikanakhala inu ndikanasunga chaka cha 2030, pamene Brood II idzamveka kuyambira ku Connecticut mpaka ku North Carolina. Virginia ali m'njira yomweyo, ndipo si patali ndi kwanu.

Mwezi wake umadalira kufunda kwa nthaka. Pakuya masentimita 20 pakafika madigiri 18, zimabowola n'kukwera mitengo usiku, kuvula chikopa chakale. Kum'mwera zimayamba kumapeto kwa Epulo, ku Maryland pakati pa Meyi, kumpoto zimafika mpaka Juni. Pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi zonse zafa.

Chomwe chimandigwira mtima ndi kuchuluka kwake. Nyenje zathu zolira nthawi ya dzuwa la Okutobala timazimva chaka ndi chaka, pang'onopang'ono. Izi ayi. Pa ekala imodzi zimatha kupitirira miliyoni imodzi, zakuda, za maso ofiira, zosadziwa n'komwe kuthawa. Mbalame, agologolo ndi agalu amadya mpaka kukhuta, koma zotsala zimakhalabe zambirimbiri, n'kuikira mazira m'tinthambi. Chitetezo chawo n'chimenecho, kutulukira pamodzi. Zija zimene zimaphonya chaka n'kutuluka zokha msanga nthawi zambiri zimangodyedwa. Mu 2024 Brood XIX ya zaka 13 ndi Brood XIII ya zaka 17 zinatuluka chaka chimodzi, madera awo n'kuyandikana ku Illinois. Izi zisanachitike, magulu awiriwa anakumana komaliza mu 1803, Thomas Jefferson ali pulezidenti, ndipo adzakumananso mu 2245.

Musaziope. Siziluma, komanso si dzombe, sizidya mbewu. Zimangovulaza timitengo tating'ono poikira mazira, ndipo ukonde umateteza bwino kuposa mankhwala.

Mukadzapita mu 2030, musakafufuze m'midadada yatsopano. Pamene anadula mitengo kapena kuthira konkire chichokereni 2013, chaka chimene Brood II inatuluka komaliza, ana a nyenje anafera pansi. Gulu lathunthu limatha ndithu: Brood XI ya ku Connecticut inaoneka komaliza mu 1954. Kafuneni mapaki akale, manda ndi m'mphepete mwa nkhalango, kumene mitengo yake ndi ikuluikulu.