Funsani azaumoyo: Chakudya cha wodwala wa ku ICU

FUNSO: Amayi anga ali ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), lero ndi tsiku lachitatu, akupumira makina. Anawalowetsa chubu m'mphuno, koma chakudya chimene amathiramo ndi chochepa zedi. Phala limene ndimabweretsa anamwino amandibweza nalo. Kodi munthu angachire ndi njala yotere? Nanga dilipi payokha siingawasunge? Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Pepani ndi matendawo. Kuchepa kwa chakudyako n'kwadala, si kunyalanyaza ayi.

Wodwala amene sangathe kumeza amayenera kuyamba kudyera pa chubu pasanathe maola 48, chifukwa matumbo akakhala nthawi yaitali opanda kanthu amafooka, ndipo tizilombo timadutsa mosavuta n'kulowa m'magazi. Koma amayamba pang'ono, mwina mamililita 10 mpaka 20 pa ola. Masiku atatu oyamba thupi limakhala likuphwanya mafuta ndi minofu yake kuti lipeze mphamvu, ndiye mukalidzaza chakudya shuga amakwera, mimba imatupa, ndipo mapapo amavutika kutulutsa mpweya woipa. N'chifukwa chake masiku amenewa madokotala sapyola magawo 70 pa 100 a zimene thupi limafuna. Munthu wa makilogalamu 60 amafuna makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 1,500 patsiku, koma amayambira pansi pa 1,000, n'kumakwera. Mapuloteni nawo amakwezedwa mpaka magalamu 1.3 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza magalamu 78 kwa munthu ameneyu.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi wodwala amene anatha sabata kapena kuposerapo osadya bwino asanagonekedwe. Woteroyo akapatsidwa chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wofunika m'thupi monga phosphate, potassium ndi magnesium umatsika m'magazi, mtima n'kusokonekera, mwinanso kuima kumene. Amafunika vitamini B1 chakudya chisanayambe, ndi kuyezedwa magazi tsiku lililonse. Choncho ngati amayi ankakana nsima kunyumba, kapena anaonda msanga, auzeni adokotala lero lomwe. Inuyo ndi amene mukudziwa zimenezo, iwo sangaziwerenge pa makina.

Za phala. Musayese kuwamwetsa pakamwa, ngakhale madzi a pasupuni. Munthu amene ali chikomokere satsokomola akatsamwa, ndipo zimene mwamupatsa zimatsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Kuthira nokha mu chubu n'koopsanso, pakuti chubu chimatha kusuntha wodwala akagwedezeka. Asanathire kanthu, anamwino amakoka timadzi ta m'mimba ndi sirinji n'kuyeza asidi wake pa muyeso wotchedwa pH, umene uyenera kukhala 5.5 kapena kutsika, apo ayi amajambula X-ray. Ngati chipatala chalola phala la likuni, likhale lamadzimadzi, losefedwa, lozizira bwino, ndipo lisakhalitse kupyola maola awiri. Lolimba limatseka chubu. Akatha kuthira chakudya kapena mankhwala, amatsukiza chubucho ndi madzi oyera okwana mamililita 30.

Mukalowa kukawaona, yang'anani bedi. Kumutu kukhale kokwera madigiri 30 mpaka 45, pokhapokha ngati adokotala aletsa. Mukaona chakudya chikutuluka m'kamwa kapena m'mphuno, kapena mimba yauma gwa, itanani anamwino msanga. Kutsegula m'mimba pakokha si chifukwa chosiyira kudyetsa, nthawi zambiri kumabwera ndi mankhwala opha tizilombo.

Dilipi wamba si chakudya. Lita imodzi ya dilipi ya shuga ya 5 peresenti ili ndi magalamu 50 a shuga, makalori osapyola 200, yopanda puloteni n'komwe. Chakudya chenicheni cha mumtsempha chilipo, koma n'chodula, sichipezeka m'zipatala zambiri, ndipo chimabweretsa matenda a m'magazi mosavuta. Chimaperekedwa matumbo akatsekeka, akamakha magazi kwambiri kapena akakaniratu chakudya, kawirikawiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri.

Mawa afunseni adokotala kuti amayi akulandira mamililita angati pa ola, ndiponso kuti akufuna kufika pati pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri.